Uthenga Umene Ndinasalaza

Amayi anga anali ndi pakamwa poyipa, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Nkhuku ikalowa m'nyumba ankaitukwana mpaka kutchula make. Mvula ikachedwa ankaitukwana, ikagwa ankaitukwananso. Munthu yekhayo amene ankamulankhula mwaulemu anali mlendo, ndipo mlendoyo akangotuluka pabwalo, kapu imene wamwera madzi ankaitsuka kawiri ndi phulusa. Tinabadwa awiri, mlongo wanga Edesi ndi ine. Edesi ndiye anali wamkulu, ndiyenso anatukwanidwa koposa. Chaka china, nthawi yokolola, anakwera lole ya munthu wogula mtedza osatsanzika, n'kudula phazi. Ngakhale kalata sitinaione. Wotsala n'kumatunga madzi, kuchapa zofunda za wodwala ndi kutembenuza amayi pamphasa zaka zonse za matenda awo ndinali ine.

Tsiku limene anatisiya, dzuwa linali likuswa mtengo. Anandigwira pamkono, zikhadabo zikulowa m'khungu.

"Iwe, tchera khutu," anatero. "Ukamupeze Edesi. Ukamuuze kuti ndi galu wopanda mwini. Ndinamubereka ndekha m'munda mvula ikugwa, mchombo ndinadula ndi mpeni wosendera chinangwa. Dimba la kudambo ndi lake. Abwere adzalime, chitsiru chimenecho. Ukanene mmene ndanenera, usachotse, usawonjeze."

"Nanga ine, amayi?"

"Iwe ndiwe mwamuna. Ukalima kwa akazi ako."

Sananditukwane tsiku limenelo, ndipo ine ndinayesa ulemu. Anatembenukira kukhoma, ndipo pamene dzuwa linkapendeka n'kuti atapita.

Titameta, ndinang'amba tsamba m'kope langa lakale la kusukulu, n'kulemba mawu aja monga anatulukira, galu pamalo pake, chitsiru pamalo pake. Ndinapinda pepalalo, ndinaika m'thumba la malaya, ndinanyamuka. Ndisaname, sindinkapita kwa Edesi chifukwa chomukonda. Ndinkamuda. Ndinkafuna kuona nkhope yake pamene ndikumutcha galu ndi chilolezo cha amayi.

Sindikudziwa kuti ndinayenda masiku angati. Misewu ya zaka zimenezo inasakanikirana m'mutu mwanga, fumbi lake n'limodzi. Chimene ndikukumbukira ndi tauni ya positi ofesi. Pakhonde la positiyo panali mkulu wina wolembera anthu makalata, wa magalasi osweka mbali imodzi, atakhala kuseri kwa makina otayipira. Tebulo lake linali ndi mwendo umodzi waufupi, moti akamenya makina linkavina. Ndinamufunsa ngati anaonako mkazi wa mpata pakati pa mano akutsogolo, wa chipsera pachibwano.

"Anadutsa," anatero osadzutsa mutu. "Onse amadutsa. Umadziwa kulemba?"

Maso ake anali akutha, choncho ananditenga. Tsiku loyamba lomwe anandiuza dzina la ntchitoyo.

"Ntchito ino timati kusalaza, mphwanga. Munthu amabwera ndi mawu ake okhakhala ngati thabwa longochekedwa kumene. Iwe umalipala mpaka mnzake athe kuligwira osabayika. Thabwa ndi lomwelo. Ukanena zomwezo ndi mawu ena, wasalaza. Ukanena zina, wapotoza, ndipo wopotoza ndi wakuba."

"Nanga malire ake ali pati, bambo?"

"Ukawadutsa udzamva ndi mbama."

Panali mayi wina amene ankabwera mwezi ndi mwezi, mwamuna wake ali kumigodi. Ankakhala pabenchi, mwana kumsana, n'kuyamba kulavula zakukhosi. "Mulembe kuti ndi nkhumba. Mulembe kuti ana ake akuyenda matako pamtunda. Mulembe kuti ine ndatopa, akapanda kubwera chaka chino asadzandipeze." Mkulu uja ankagwedeza mutu, tebulo likuvina, ndipo papepala pankatuluka zakuti okondedwa bambo a ana, ife tili bwino kaya inu, ana akusowa zovala, tikukusowani. Pomuwerengera mayiyo kalatayo, mkuluyo ankathamanga. Mayi ankangomva mawu akuti zovala n'kuvomereza. Ndipo zovala zinkabweradi. Ndinaona ngati matsenga, ndipo posakhalitsa makalata a mayi ameneyo ndinkalemba ine.

Masana ena kutasowa anthu, mkulu uja anaona pepala langa likusuzumira m'thumba. Analisolola osapempha. Anawerenga ataliyandikiza kudiso labwino, kenaka analiza kukhosi.

"Izi sungapereke kwa munthu. Ukangoti galu, zotsalazo sazimva. Akuthira madzi otsukira mbale."

"Anati ndisachotse, bambo."

"Akufa sadziwa ntchito. Ndani akuchotsa? Tikusalaza."

Anatayipa pepala latsopano, loyera bwino. Edesi mwana wanga, ndinakubereka ndekha m'munda mvula ikugwa, mchombo ndinadula ndi mpeni wosendera chinangwa. Dimba la kudambo ndi lako. Ubwere udzalime. Ndinawerenga ndipo ndinachita manyazi ndi amayi anga, kuti anafa osadziwa kulankhula ngati anthu. Tebulo linavinanso. Mkuluyo anatenga tsamba langa lakale, analipinda kanayi, n'kuliika pansi pa mwendo waufupi uja. Tebulo linakhazikika.

Mvula inagwa ndi kukata, inagwanso. Tsiku lina mayi wa kumigodi uja anabwera wopanda mwana kumsana. Mwamuna wake anali atakwatira komweko, popeza kumudzi onse anali bwino.

"Ndinati ndatopa," anatero, ataima pamaso pathu. "Zaka ziwiri ndakhala ndikunena kuti ndatopa. Inu munkalemba kuti tili bwino. Ndani anali bwino?"

Mkulu uja anandiloza ndi chibwano. "Wolemba ndi uyu, mayi."

Anthu a pamzere wa positi anandizungulira. Panalibe anandimenya, koma wina anandilavulira pamalaya, ndipo amene ndinawalembera makalata dzulo lake ndiwo ankakuwa kwambiri. Ndinachoka tsiku lomwelo, pepala loyera lili m'thumba. Pansi pa tebulo sindinayang'ane.

Ndinafika m'mudzi wina umene unkakhala ndi maliro sabata iliyonse. Makasu a kumanda sankauma dothi. Mkulu wa adzukulu, amene ankatsogolera okumba manda ndi kutumiza mauthenga a maliro, anali munthu wamfupi wa mawu okhuthala. Pakhonde pake panali tebulo, ndipo nditalitsamira linapendeka. Mwendo umodzi unali waufupi. Ndinamufunsa za mkazi wa mpata pamano.

"Analira nawo maliro awiri kuno, kenaka anapita. Njinga umatha kupalasa?"

Anandiphunzitsa kunyamula imfa. "Kwathu kuno imfa sitiitchula panjira," anatero. "Ukafika kwa mwana wa malemu usanene kuti bambo ako afa. Angagwe, angadziponye pamsewu. Uziti matenda akula, akukufunani lero lomwe. Iye amva yekha. Kusalaza ndi kumeneko, kumupatsa munthu mpata woti afike kwawo ndi miyendo yake."

Ndinanyamula imfa zambiri panjinga imeneyo, ndipo ndinkazitula bwino. Mkuluyo atandikhulupirira ndinamuonetsa pepala langa, ndikuyembekeza kuti aliyamikira. Anawerenga mzere woyamba n'kulitembenuza chadodolido patebulo.

"Iwe unaleredwa ndi ndani? Mwamuna satchula za mchombo. Zimenezo ndi za amayi okhaokha. Ukakaima pamaso pa mlongo wako n'kunena za tsiku limene anabadwa, anthu adzati wapenga, kapena ndiwe mfiti."

Ndinakopera uthengawo pa pepala lina. Edesi mwana wanga, ndinavutika nawe. Dimba la kudambo ndi lako. Ubwere udzalime. Munda, mvula ndi mpeni zinatsala pa pepala lotayipa lija, ndipo mkuluyo analipinda n'kuchirikizira tebulo lake.

Kenaka kunamwalira nkhalamba ina imene mwana wake anali mphunzitsi kutali, kuseri kwa mapiri awiri. Ndinamupeza pakhomo la kalasi, choko m'manja, ana akulemba mayeso. Anali munthu wowonda, wa maso amantha. Nditamuona ndinaganiza kuti ngakhale mawu akuti matenda akula amugwetsa. Ndinali nditazolowera ntchito, dzanja linkapala lokha. Ndinati, "Aphunzitsi, bambo sakupeza bwino kwenikweni, koma musadere nkhawa. Mukapeza mpata mukawaone."

Anandithokoza, anandipatsa madzi akumwa. Anamaliza mayeso a ana ake. Anafika kumudzi patapita masiku anayi, atanyamula malalanje m'jumbo ndi botolo la mankhwala a chifuwa. Anapeza mtumbira, nkhata za maluwa zitafota kale.

Anandipeza pakhonde la mkulu wa adzukulu. Anaika jumbo pansi mosamala, n'kundimenya mbama imodzi yokha. Munthu wowonda uja anali ndi dzanja lolemera. Adzukulu anaima chapatali atatsamira makasu awo, ndipo panalibe analeretsa.

"Wapala thabwa mpaka latha," anatero mkulu uja. "Siya njinga. Ukayenda siya phazi, iwe wasiya mlomo, ndipo ukutsata."

Ndinawada onsewo, mphunzitsi, adzukulu ndi nkhalamba imene inafa. Ndinkadziuza kuti ndinachitira munthu chifundo ndipo andilipira mbama. Khutu linalira masiku atatu ndili panjira.

Paboma lina panali bwalo la milandu la njerwa zofiira. Kunja kwake, pansi pa mtengo wa mthethe, anthu osadziwa kulemba ankafotokoza madandaulo awo kwa kalaliki, iye n'kuwalemba mwa chilankhulo cha bwalo. Kalalikiyo anali wonenepa, wa tayi ngakhale kutenthe bwanji. Mkazi wa mpata pamano anamuona, anati, anagulitsapo zitumbuwa pageti nyengo ina. Tebulo lake sindinachite kuliyesa, ndinaliona likupendekera kumanzere ndisanafike.

"Aliyense ali ndi tanthauzo lake la kusalaza," anandiuza. "Langa ndi ili. Chotsa chilichonse chimene mawa chingakubwerere. Mawu akuti changa, ndinaona, ndikulumbira, ndi minga. Uzilemba kuti zikuoneka ngati, akuganiza kuti, mwina. Mlandu suwola, ndipo ukadzanunkha usadzanunkhe dzina lako."

Ndinakhala zaka zingapo pamenepo. Ndinakhalanso ndi mkazi, wogulitsa makala kuseri kwa msika, munthu wabwino amene sindimutchula dzina chifukwa sindinamuyenere. Anandisiya m'mawa wina akumanga mtolo wake mosapupuluma. "Ndikakufunsa ngati ndiwo zakoma umati zikuoneka kuti zili ndi mbali yake yabwino," anatero. "Ndikakufunsa ngati umandikonda umati nkhaniyo tingaione m'njira zingapo. Ndatopa kugona ndi khoti." Ndinamuyankha kuti maganizo ake ndi omveka, ndipo anaseka mpaka pamsewu.

Kunabwera mayi wamasiye amene alamu ake ankamulanda munda. Anaika manja onse awiri patebulo n'kunena kuti, "Munda uwu ndi wanga. Ndaulima zaka makumi atatu. Aliyense wa m'mudzi anandiona." Ine ndinalemba kuti wodandaula akuganiza kuti mwina ali ndi gawo pa malo amene akuti wakhala akuwagwiritsa ntchito. Woweruza anawerenga, anaona kuti mwini dandaulo akukayika yekha, munda n'kupita kwa alamu. Kuyambira tsiku limenelo mayiyo ankabwera m'mawa uliwonse, n'kukhala pansi moyang'anana ndi tebulo langa, osalankhula. Ndikadzutsa mutu ndinkapeza maso ake. Ndinkafuna atanditukwana, koma sanandipatse mwayi umenewo.

Ndi pamenepo pamene ndinachotsa dimba. Palibe anandiuza. Ndinadziuza kuti nkhani ya malo imayambitsa milandu, kuti amalume angakane, kuti ndi bwino Edesi akamve akafika. Koma ndinene mosapita m'mbali. Ndinkakumbukira fungo la zofunda zimene ndinachapa, ndi nthochi za m'dimba lija, ndi mawu akuti ukalima kwa akazi ako. Wothawa apatsidwe dimba, wotsala apatsidwe ulendo? Ndinalemba kuti, Edesi mwana wanga, ndinavutika nawe, ubwere kumudzi. Pepala lakale ndinalipinda ndekha, ndinagwada pamaso pa mayi wamasiye uja, n'kuliika pansi pa mwendo wa tebulo. Anandiyang'ana ngati wawerenga zonse. Sabata yomweyo ndinasamuka, chifukwa maso ake anayamba kundiletsa kudya.

Mumzinda waukulu ndinalowa ntchito mu ofesi ya magalasi okhaokha, ya bungwe lina lothandiza anthu a kumidzi. Ankatumiza anthu kukamva madandaulo, ine n'kumawalemba m'malipoti opita kwa mabwana amene sitinkawaona. Woyang'anira wanga anali dona wa mawu ofewa, wosakwiya, wosaseka.

"Kuno sitilamula ndipo sitidandaula," anandiuza. "Kusalaza ndi kunena zinthu m'njira yoti wowerenga asamve kuti wina akufuna kanthu kwa iye."

Anthu a mudzi wina anati tikufa ndi njala, mbewu munatipatsa sinamere, bwerani mudzaone. Ine ndinalemba kuti anthu ayamikira ntchito imene yachitika ndipo aonetsa chidwi choti ubale upitirire. Dona anati ndili ndi mphatso. Palibe anandilavulira mu ofesi imeneyo, palibe anandimenya, chifukwa eni mawu anali kutali ndipo sankawerenga malipoti. Ndinanenepa, ndinagula nsapato. Ndinkadana ndi aliyense wa m'menemo, ndipo tonse tinkapatsana moni wabwino.

Tebulo langa linali lachitsulo, latsopano, koma nalonso linkagwedera. Masana ena ndinatulutsa uthenga uja ndipo ndinauona ndi maso a ntchito. Mawu akuti ndinavutika nawe anali dandaulo. Mawu akuti ubwere anali lamulo. Ndinawapala onse awiri. Chimene ndinalemba m'malo mwake chinali chosalala moti chala chikanaterereka. Amayi anatisiya mwamtendere. Anakukumbukirani, ndipo analibe nanu mangawa. Ndinachiwerenga kambirimbiri mpaka ndinachiloweza, ndipo mawu enawo anachoka m'mutu mwanga mmene limachokera dzina la munthu amene unakwera naye basi kamodzi. Nthawi zina ndinkayesa kukumbukira zimene amayi ananena atandigwira pamkono. Ndinkaona milomo yawo ikuyenda, koma chotuluka chinali mtendere ndi mangawa.

Mayi wosesa mu ofesimo ndiye anandiuza za Edesi. Anati mkazi wa mpata pamano ndi chipsera pachibwano amagulitsa matimati m'mbali mwa msewu, kupitirira mlatho wachitatu. Sananene kuti anadutsa. Anati alipo.

Ndinamupeza m'dimba, kumunsi kwa msewu, akuthirira matimati ndi ndowa yodontha. Dimbalo linali la eni, lobwereka, ndipo mwini wake ankabwera kudzathyola mzere uliwonse umene wamusangalatsa. Mwamuna wa lole anali atamusiya kalekale. Tsitsi lake linali ndi imvi, zidendene zong'aluka. Chidani chimene ndinanyamula zaka zonse chinayang'ana munthu ameneyu n'kusowa pogwira.

"Alongo," ndinatero.

Anaika ndowa pansi, anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Ndiwe? Wanenepa. Umagwira ntchito yanji?"

"Ndimasalaza mawu," ndinayankha, ndipo ndinanyada. Ndinamufotokozera zonse, za makalata, za makhoti, za malipoti, kuti munthu aliyense ndimatha kumupezera mawu omukwana.

"Kulinso ntchito yotero," anatero. Anapukuta manja pachitenje. Kenaka anafunsa ndi mawu aang'ono, "Amayi?"

Ndinaima mowongoka, ndinatulutsa pepala, ngakhale ndinali nditaliloweza. "Amayi anatisiya mwamtendere. Anakukumbukirani, ndipo analibe nanu mangawa."

Anakhala pansi pamzere, pakati pa matimati. Madzi a m'ndowa ankadontha n'kumalowa pansi pa phazi lake.

"Werenganso."

Ndinawerenganso.

"Basi?"

"Basi."

"Sananditchule dzina lina lililonse? Ngakhale limodzi?"

"Anakunenani mwaulemu, alongo."

"Mwaulemu," anabwereza. Anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Ndiye kapu yanga anaitsuka kawiri."

Sindinamve msanga. Anandiyang'ana ngati ndine mwana wa eni.

"Iwe unakulira nyumba iti? Amayi ulemu ankapatsa alendo. Wotukwanidwa ndiye anali mwana. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana msewu uwu, ndikuti tsiku lina kudzatsika munthu wa kwathu kudzandiuza kuti amayi akukutukwana, ine ndimange katundu ndizipita. Ndinkaopa kubwerera ndekha. Ndinkadikira andiitane ndi pakamwa pawo paja. Ndiye ukuti analibe nane mangawa. Munthu amene ulibe naye mangawa ndi munthu amene wamuiwala."

Ndinakumbukira kuti ine amayi sananditukwane tsiku lomaliza lija. Ndinafuna kunena kanthu, koma zonse zimene zinabwera pakamwa zinali za mu ofesi.

"Wayenda ulendo wonsewu kudzandiuza kuti ndinafa amayi asanafe," anatero, akuimirira. Mawu ake anasintha, anatsika, anakhuthala. "Choka pano. Choka, galu wopanda mwini."

Anali mawu a amayi, kamvekedwe kake komwe. Pamkono panga panawawa pomwe zikhadabo zinalowa. Ndipo zonse zinabwerera nthawi imodzi, dzuwa lija, mphasa, khoma, milomo ikuyenda, tsopano ili ndi mawu.

"Dikirani, alongo. Si zimenezo. Anati ndinu galu wopanda mwini." Lilime linali lolemera, zaka zambiri linali lisananyamule mawu okhakhala. "Anati, ndinamubereka ndekha m'munda mvula ikugwa, mchombo ndinadula ndi mpeni wosendera chinangwa. Anati dimba la kudambo ndi lake. Abwere adzalime, chitsiru chimenecho. Ndi mmene ananenera. Ndikulumbira."

Anaima chilili. Maso ake anadzaza misozi. Anasuntha phazi limodzi kubwera kwa ine, ndipo ndinaona kuti watsala pang'ono kukhulupirira. Kenaka anayang'ana nsapato zanga.

"Wandiuza wekha ntchito yako," anatero pang'onopang'ono. "Munthu aliyense umamupezera mawu omukwana. Wandimva ndikuti galu, wandiona ndikuthirira dimba la eni, ndiye wandisokera uthenga pompano."

"Nanga za mpeni ndazitenga kuti?"

"Za mpeni mudzi wonse umadziwa. Ankazinena tsiku lililonse ndikapsereza ndiwo. Unalemba tsiku limene ananena?"

"Ndinalemba."

"Pepalalo lili kuti?"

"Lili pansi pa mwendo wa tebulo, kutauni ina."

"Tauni yanji?"

Dzina lake ndinali nditaliiwala. Ndinangodziwa kuti kuli positi ofesi.

"Nanga limene uli nalo m'manjalo likuti chiyani?"

Ndinaliyang'ana. Linkati mwamtendere.

"Woyambawo unawerenga papepala," anatero Edesi. "Achiwiriwa wapanga chifukwa wandimvera chisoni. Chisoni chako pita nacho kwa mabwana ako. Kumudzi kumene amayi anafa akundilemekeza ine sindipondako."

Anatola ndowa, anatsikira kuchitsime, anatunga, n'kuyamba mzere wina. Ndinaima pamenepo mpaka mthunzi wanga unafika pamatimati. Ndinanenanso mawu aja kachiwiri, kachitatu, osachotsa, osawonjeza. Ndinavomera za dimba, kuti ndinalichotsa ndekha chifukwa cha nsanje. Sanatembenuke. Mwini dimba anabwera ndi dengu lake, anandifunsa ngati ndikugula, ndipo nditakana anandiuza kuti ndichoke ndikuponda mbewu.

Ku ofesi sindinabwererenso. Tsopano ndikuyenda chobwerera, msewu ndi msewu. Nsapato zija zinatha. Ndamva kwa munthu wa kwathu kuti dimba la kudambo lamera bango, ndipo amalume akuti akapanda kuoneka mwini wake chaka chino alipereka kwa ena. Tauni iliyonse imene ndafika ndimafunsa positi ofesi, ndimakwera pakhonde, ndimagwada n'kusuzumira pansi pa matebulo. Ena amandiyesa wakuba, ena wamisala, alonda amandikankha ndi ndodo. Mapepala ndawapeza ambiri, opindidwa kanayi, olembedwa ndi manja a anthu ena, odzaza nkhumba ndi agalu ndi kutopa. Langa sindinalipeze.